Masamu a Kuseri kwa Envulopu

Mu 1984 ndinali kalaliki wa maakaunti pa fakitale ina yosoka zovala ku Ndola. Dzina lake sindidzalichula, pakuti eni ake ena akali moyo ndipo sanandilakwire kanthu. Tinali kusoka mashati a amuna, mayunifomu a ana a sukulu ndi maovolosi a anchito a ku migodi. Tsiku lina m'nyengo yozizira kunafika mnyamata wocokera ku Lusaka, atanyamula cola codzaza mafomu ndi kalata ya boma. Anali kuzungulira mafakitale a ku Copperbelt ndi funso limodzi cabe: pa cinthu cimodzi cimene mupanga, mumagula zotani, mumazigula kuti, ndipo pa mtengo wanji?

Abwana anandiitanira pambali ndi kundiuza motsitsa mau kuti ndimupatse tiyi wambiri ndi manambala ocepa. Ndinayesa kutero. Koma tinapezana kuti tonse ndife a kum'mawa, iye wa ku Petauke, ine wa ku Katete, ndipo munthu wa kwanu mukakumana naye pakati pa Cibemba ca ku Ndola, kumubisira mainvoisi kumavuta. Tsiku lacitatu ndinamufunsa kuti mtengo wa mabatani aufunira ciani. Ngati afuna kudziwa mmene boma litetezera mafakitale, buku la kasitomu lilipo, ndipo msonkho wa shati yocokera kunja unalembedwa momveka. Iye anaseka, natenga envulopu yakale pa tebulo langa ndi kuitembenuza. "Akulu," anatero, "buku lija silinama, koma silikamba zonse."

Manambala amene nditi ndilembe pano si a m'mabuku a fakitale yathu. Ndawasalaza dala kuti masamu aoneke bwino, monga anacitira iye.

Tinene kuti shati yosokedwa kunja ikafika pa malire, msonkho usanaikidwe, mtengo wake ndi K100. Kuti inu musoke yofanana nayo mufunika nsalu, ulusi, mabatani ndi colimbitsira kolala, ndipo zonsezi pa mtengo wa kunja zikwana K80. Cotsala ndi K20. Mu K20 imeneyi ndimo muli nchito yanu yeni-yeni: malipiro a atelala, kutha kwa makina, lendi ndi phindu la mwini. Cimene fakitale yaonjezera pa cuma ca dziko ndi K20 imeneyi, osati K100.

Tsopano boma liike msonkho wa 50 peresenti pa shati ya kunja, koma nsalu ndi mabatani zilowe popanda msonkho. Shati ya kunja igulidwa K150, ndipo inunso mukweza yanu kufika pomwepo, pakuti ndani angagulitse mochipa mnzake atakweza? Zipangizo zikali pa K80. Cotsala cacoka pa K20 cafika pa K70. Buku la kasitomu likuti 50 peresenti, koma nchito yanu yatetezedwa ndi 250 peresenti. Ndinamuuza kuti abwerezenso, anabwereza, ndipo yankho silinasinthe. Ndiyeno anasintha nambala imodzi. Boma lifunanso kuteteza oomba nsalu, cotero liika 25 peresenti pa zipangizo zija. Zipangizo zafika pa K100, cotsala catsika kufika pa K50, ndipo citetezo canu tsopano ndi 150 peresenti. Msonkho wa pa shati sunakhudzidwe, koma wosoka wataya gawo lalikulu la zimene anali nazo. Msonkho umene uthandiza woomba nsalu ndi womwewo umene ulanga telala.

Nambala imeneyi akatswiri a zacuma amaicha effective rate of protection. Ine ndidzaicha citetezo ceni-ceni, posiyanitsa ndi msonkho wolembedwa. Pambuyo pake ndinadzadziwa kuti masamu a pa envulopu yanga anali ndi eni ake. Clarence Barber wa ku Canada anakamba za ganizoli mu 1955. Bela Balassa, amene anathawa ku Hungary mu 1956, analigwiritsira nchito mu 1965 poyesa misonkho ya maiko olemera, ndipo mu 1971 anatulutsa buku lopima maiko monga Brazil, Chile, Mexico, Pakistan ndi Philippines. Koma amene analiyala bwino kwambiri ndi Max Corden, wobadwira ku Breslau mu 1927, amene banja lake linathawa Hitler ndi kukakhala ku Melbourne. Nkhani yake ya mu 1966 mu Journal of Political Economy ndiyo imene ophunzira amayambira mpaka lero.

Cimene cinadabwitsa anthu m'zaka zimenezo cinacokera ku Pakistan. Mu 1965 Ronald Soligo ndi Joseph Stern anapeza kuti m'mafakitale ena a kumeneko zipangizo zogulidwa kunja zinali kudya ndalama zakunja zambiri kuposa mtengo wa cinthu cotha kale cikanagulidwa cathunthu. Fakitale yotere imaoneka yopindula m'ndalama za m'dziko, anchito alandira malipiro, nduna ibwera kudzadula riboni, koma dziko likanasunga ndalama likanatseka zitseko ndi kuitanitsa katunduyo. Pa envulopu ija, ndiye kuti cotsala cija catsika kupitirira ziro.

Kuti timvetse mmene Zambia inafikira pa masamu amenewa, tiyenera kukumbukira kuti poyamba ife ndife tinali kulipira citetezo ca ena. M'nthawi ya Federation, kuyambira 1953 kufika 1963, msonkho wa pa malire unali m'manja mwa boma la ku Salisbury. Mafakitale anakula ku Salisbury ndi ku Bulawayo. Ife a kumpoto tinali kukumba kopa, kuigulitsa pa mtengo wa ku London, ndi kugula mabulangeti, nsapato ndi sopo za kum'mwera. Pamene tinalandira ufulu pa 24 October 1964, katundu wathu wambiri anali kucokera ku Rhodesia kapena kudzera kumeneko. Caka cotsatira, pa 11 November, Ian Smith analengeza ufulu wake woukira, ndipo njira yathu ya ku nyanja inakhala m'manja mwa mdani. Mafuta anayamba kubwera m'madiramu, ena pa ndeke, ena pa mseu woipa wa ku Dar es Salaam. Paipi ya TAZAMA inatha mu 1968, malire a ku Rhodesia anatsekedwa mu January 1973, ndipo njanji ya TAZARA inatha mu 1975.

Acinyamata a lero amene amaseka mafakitale a boma a nthawi ya UNIP ndimawapempha kuti ayambe aganizira zimenezi. Dziko limene mdani angalitsekere sopo ndi mafuta silingayembekeze kuti msika udzakonza zinthu panthawi yake. Mu April 1968 ku Mulungushi, a Kenneth Kaunda analengeza kuti boma litenga 51 peresenti m'makampani akulu-akulu opitirira 20, ndipo INDECO, imene inali kutsogoleredwa ndi Andrew Sardanis, inakhala kholo la mafakitale. Migodi inatsatira mu 1969. M'zaka zotsatira tinaona nsalu ndi feteleza ku Kafue, magalimoto a Fiat ku Livingstone, mabotolo ku Kapiri Mposhi, mabatire ku Mansa, zinanazi za m'zitini ku Mwinilunga, njinga ku Chipata, ndipo pambuyo pake nsalu za Mulungushi ku Kabwe mothandizidwa ndi China. Atate anagula njinga ya ku Chipata ndipo anali kuipukuta tsiku lililonse Lamlungu asanapite ku chalichi. Kunyada kumeneko sikunali kwabodza.

Vuto linali m'kamangidwe ka misonkho. Monga m'maiko ambiri a nthawi imeneyo, msonkho unali wokwera pa katundu wotha kale, wotsika kapena wosakhalapo pa makina ndi zipangizo. Poyang'ana koyamba ndi nzeru yabwino: cepetsa mtengo wa zimene fakitale ifuna, kweza mtengo wa zimene ipikisana nazo. Koma bwererani ku envulopu. Cotsala cija cikacepa, citetezo ceni-ceni cimakwera. Ngati pa K100 ya katundu nchito ya m'dziko ndi K10 cabe, msonkho wa 50 peresenti upereka citetezo ca 500 peresenti. Conco mphotho yaikulu inali kupita kwa amene anali kucita zocepa: kumanga ziwalo zobwera m'mabokosi, kuthira m'mabotolo, kukulunga m'mapepala. Amene akanafuna kuyamba pansi, kupanga citsulo kapena ulusi kapena ziwalo za makina, anali kupeza citetezo cocepa. Palibe nduna imene inakhala pansi ndi kusankha kuti zikhale tero. Zinatuluka zokha m'manambala amene aliyense payekha anali kuoneka oyenera.

Zotsatira zake zinaonekera pamene mtengo wa kopa unagwa mu 1975. Kopa inali kubweretsa ndalama zakunja zopitirira 90 peresenti. Mafakitale amene anamangidwa kuti ticepetse kugula kunja anapezeka kuti sangayende popanda kugula kunja mwezi ndi mwezi. Apa ndi pamene nchito ya mnyamata wa ku Petauke inavuta zedi, cifukwa pofika 1984 buku la kasitomu silinali kulamuliranso mitengo. Cimene cinali kulamulira ndi laisensi yoitanitsira katundu ndi forex yogawidwa kudzera ku Bank of Zambia. Shati ya kunja sinali kudula cifukwa ca msonkho. Sinali kupezeka n'komwe. Amene anakhalapo akumbukira mizere ya ku ZCBC, NIEC ndi Mwaiseni, mmene munthu unali kuima kumbuyo kwa anzako usanadziwe ngati kwabwera sopo, saladi kapena shuga.

Zikatero wopima sangadalire msonkho wolembedwa. Afunika kutenga shati yathu ndi kuiyerekeza ndi shati yofanana nayo ya kunja, mtengo ndi mtengo. Koma yofanana ndi iti? Kolala ya shati yathu inali kupindika ikacapidwa kangapo. Kodi tiiyerekeze ndi ya ku Hong Kong kapena ya ku Bulawayo? Nanga dola tiisinthe pa mtengo uti, wa ku banki kapena wa kuseri kwa sitolo, umene unali wokwera kwambiri? Funso limeneli si laling'ono. Kwacha yoikidwa pamwamba mwa lamulo imachipitsa katundu yense wa kunja, ndiye mbali ina ya citetezo imangobwezera zimene mtengo wa kwacha walanda. Komanso fakitale imene yapatsidwa forex pa mtengo wa boma yalandira mphatso imene sinalembedwe m'buku lililonse. Ife tikapatsidwa gawo lathu, phindu la miyezi itatu linali lotsimikizika nsalu isanafike. Tikamanidwa, makina anali kugona ndipo atelala anali kusewera nsolo kuseri kwa fakitale. Nchito yaikulu ya abwana sinali pa makina. Inali m'makonde a maofesi a ku Lusaka.

Pali cinanso cimene ndinamuona akulimbana naco. Kuti upime dziko lonse, osati fakitale imodzi, ufunika kudziwa kuti gawo lililonse la cuma limagula zoculuka bwanji ku gawo lina. Matebulo otere amatenga zaka kuti akonzedwe, ndipo akamatuluka zinthu zasintha kale. Wopima amakakamizika kugwiritsira nchito kaphikidwe kakale pa mitengo yatsopano. Ndiponso cifukwa cakuti cotsala cija cimakhala cacing'ono, kulakwitsa pang'ono pa mtengo wa nsalu kungasinthe yankho kucoka pa 100 kufika pa 300. Ndiye cifukwa cake nambala imodzi ya caka cimodzi sindiikhulupirira kwambiri. Cimene cimaphunzitsa ndi mndandanda: gawo liti lili pamwamba, liti lili pansi, ndipo pakapita zaka zisanu asinthana bwanji malo.

Amene anali pansi pa mndandanda ndinali kuwadziwa bwino, pakuti anandibala. Atate anali kulima thonje ndi nshawa za Chalimbana kufupi ndi Katete. Ikani mlimi pa envulopu ija. Zokolola zake mtengo wake umayambira kunja, ndipo ufika kwa iye utasinthidwa pa mtengo wa kwacha wa boma, umene unali kumupatsa makwacha ocepa pa dola iliyonse. Palibe msonkho umene ungakweze mtengo wa cinthu cogulitsidwa kunja. Koma khasu, bulangeti, matayala a njinga ndi shati anali kuzigula pa mtengo wotetezedwa. Citetezo cake ceni-ceni cinali pansi pa ziro. Boma linali kubwezako kudzera m'feteleza wochipa, koma thandizolo linali kutsata cimanga maka-maka.

Zimenezi zinadzapimidwa. Ca kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, Anne Krueger, Maurice Schiff ndi Alberto Valdés anatsogolera kafukufuku wa World Bank m'maiko 18, ndipo Zambia inalimo, gawo lake linalembedwa ndi Doris Jansen. Cimene anapeza m'maiko ambiri ndi cakuti msonkho wobisika, wodzera m'mtengo wa ndalama ndi m'citetezo ca mafakitale, unali kulemera pa alimi kuposa misonkho yoonekera. Atate sanawerenge lipoti limenelo. Koma Khirisimasi ina ndinawabweretsera shati ya pa fakitale yathu, yoyera, ikali m'pulasitiki. Anaiyang'ana uku ndi uku, nandifunsa mtengo wake wa m'sitolo. Nditawauza anakhala cete, akuwerenga pa zala. "Mwananga," anatero, "ndiye kuti shati imodzi iyi ndi mizere ingati ya thonje?" Anaivala pa maliro ndi pa maukwati okha-okha kwa zaka khumi.

Kuyesa koyamba kumasula zinthu kunabwera mu October 1985, pamene boma, mogwirizana ndi IMF, linayamba kugulitsa forex pa okushoni mlungu uliwonse. Dola imene inali pa K2.20 inafika pa K5 tsiku loyamba, ndipo pofika April 1987 inali pafupi-fupi K21. Kwa ife mphatso ija inatha tsiku limodzi: nsalu inayamba kugulidwa pa mtengo wake weni-weni. Mu December 1986 mtengo wa unga utakwezedwa, anthu a ku Copperbelt anaukira ndipo ena anafa. Pa 1 May 1987 a Kaunda anasiyana ndi IMF, dola inaikidwa pa K8, ndipo kugawa forex kunabwerera. Munthu amene akanangoyang'ana buku la kasitomu m'zaka zitatu zimenezo akanaona kusintha kocepa. Koma citetezo ceni-ceni ca fakitale ngati yathu cinatsika ndi kukweranso ngati madzi a mu Luangwa.

Kusintha kwakukulu kunadza ndi MMD ndi a Frederick Chiluba kuyambira kumapeto kwa 1991. Malaisensi oitanitsira katundu anathetsedwa, malamulo oletsa kusintha ndalama anacotsedwa mu 1994, caka comweco Zambia Revenue Authority inayamba nchito, ndipo msonkho wapamwamba, umene unali kufika 100 peresenti, unatsitsidwa pang'ono-pang'ono mpaka mu 1996 panatsala magulu anai: 0 ndi 5 pa makina ndi zipangizo zosakonzedwa, 15 pa zokonzedwa pang'ono, ndi 25 pa katundu wotha kale. Pa avareji msonkho unakhala pafupi-fupi 13 peresenti.

Ndinatenga envulopu ina ndi kubwereza masamu. Shati ya K100 pa 25 peresenti ikhala K125. Zipangizo za K80 pa 15 peresenti zikhala K92. Cotsala ndi K33, kutanthauza citetezo ca 65 peresenti. Anthu amene amakamba kuti m'zaka za m'ma 1990 mafakitale anasiyidwa opanda citetezo ciliconse salondola kweni-kweni. Pa pepala, telala wa ku Ndola anali akali wotetezedwa kuposa mmene nambala ya 25 ionetsera. Nanga n'cifukwa ciani tinafa?

Mbali ina ya yankho ili m'masamu omwewo. Fakitale imene yazolowera K70 kapena kuposa, ndipo yalemba anchito, yabwereka ndalama ndi kusunga makina akale molingana ndi K70 imeneyo, singaphunzire kukhala ndi K33 m'zaka zinai. Mbali ina ili kunja kwa envulopu. Mu 1993 mitengo ya zinthu inakwera kupitirira 150 peresenti ndipo ciongola dzanja ca ku banki cinapitirira 100 peresenti. Panthawi imene tinafunika kugula makina atsopano, kubwereka kunali ngati kudzimangirira mwala m'khosi. Ku South Africa boma linali kulipira makampani ake pa katundu wogulitsidwa kunja, pansi pa General Export Incentive Scheme, kuyambira 1990 kufika 1997, ndipo katunduyo anadzaza masitolo athu.

Ndiyeno panali salaula. Masamu athu onse anali kuganiza kuti mpikisano uli pakati pa shati yatsopano ya kunja ndi shati yatsopano ya kuno. Koma wopikisana naye anatuluka m'belo. Shati yovalidwa kale ku Ulaya kapena ku America ifika pa malire ndi mtengo wocepa kwambiri, mwakuti ngakhale uike msonkho, ikhalabe yochipa kuposa nsalu yokha ya shati yathu. Karen Tranberg Hansen analemba buku lonse pa malonda amenewa mu 2000, ndipo anaonetsa kuti anthu sanali kugula cifukwa ca umphawi cabe. Anali kusankha, kufuna zolimba ndi zooneka bwino. Sindingatsutse. Fakitale yathu inatsekedwa mu 1997, ndinali ndi ana anai, ndipo onse anakula ndi zovala za pa salaula. Anavala bwino kuposa mmene ine ndinavalira pa msinkhu wao. Abale anga a ku Katete, amene kale shati inali ya pa maliro, anayamba kukhala ndi zosinthira. Walira mvula walira matope, koma mvulayo inagwadi, ndipo ena anakolola.

Amene anapirira mpaka 2000 anakumana ndi masamu otembenuka. Pa 31 October caka cimeneco, ku Lusaka, maiko asanu ndi anai a COMESA, kuphatikizapo Zambia, Malawi, Zimbabwe, Kenya, Egypt ndi Mauritius, anacotserana msonkho. Cotero katundu wotha kale wocokera ku Harare kapena ku Nairobi anayamba kulowa pa ziro, pamene wopanga wa ku Ndola akali kulipira msonkho pa zipangizo zocokera kunja kwa COMESA. Shati ikhala pa K100, zipangizo pa K92, cotsala K8. Citetezo ceni-ceni catsika kufika 60 peresenti pansi pa ziro. Buku la kasitomu likali kunena 25, koma wosoka waima pamalo pamene panali atate. Eni mafakitale anadandaula za cimeneci kwa zaka zambiri, ndipo anali ndi mfundo. Kwa kampani yokhala ndi nthambi m'maiko angapo, nzeru inali kutseka kuno, kupangira kwina, ndi kutumiza katundu pa lole. Amene adziwa Ndola adziwa mashedi aakulu a ku industrial area amene anasanduka mosungiramo katundu kapena machalichi.

Nthawi zambiri ndimaganiza za dziko la Corden, cifukwa kumeneko masamu amenewa sanathere m'madirowa. Australia nayonso inamanga mafakitale ake kuseri kwa misonkho, ndipo alimi ndi a migodi ndiwo anali kulipira. Bungwe lao loona za misonkho, Tariff Board, pansi pa Alf Rattigan, linayamba kupima citetezo ceni-ceni ca kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 ndi kucifalitsa poyera. Panthawiyo ca mafakitale onse pamodzi cinali pafupi-fupi 35 peresenti. Bungwelo linasintha maina, kukhala Industries Assistance Commission mu 1974 ndi Productivity Commission mu 1998, koma kupimako sikunaleke, ndipo pofika zaka za m'ma 2000 nambalayo inali pafupi-fupi 5.

Cocititsa cidwi cili pakati. Mu July 1973 boma la Gough Whitlam linadula misonkho yonse ndi 25 peresenti tsiku limodzi. Nchito zitayamba kutha, maboma anabweza citetezo mwakacete-cete poika malire pa kuculuka kwa zovala, nsapato ndi magalimoto olowa m'dziko. M'buku misonkho inali yotsika, koma manambala a caka ndi caka anaonetsa kuti pofika pakati pa zaka za m'ma 1980 citetezo ceni-ceni ca zovala ndi magalimoto cinali citapitirira 100 peresenti. Palibe amene akanabisa. Mlimi wa nkhosa anatha kuwerenga m'nyuzipepala kuti alipira zingati, ndi kwa yani. Pamene boma la Bob Hawke linalengeza kutsitsa misonkho mu 1988 ndi 1991, linapereka ndandanda ya zaka, ndipo fakitale iliyonse inadziwa kuti caka cakuti idzakhala pa nambala yakuti. Sikuti anapulumutsa zonse iai. Galimoto yothera yopangidwa ku Australia inatuluka mu October 2017. Koma ulendo umene iwo anayenda zaka makumi atatu ndi nyali m'manja, ife tinauthamanga zaka zisanu mu mdima, tili ndi nkhongole pamutu. Kupima kunali kucitika kuno, monga anacitira mnyamata uja, koma kunali kwa apa ndi apo, kawiri-kawiri kolipiridwa ndi obwereketsa, ndipo malipoti ake sanali kufika kwa telala kapena kwa mlimi.

Citetezo cosalembedwa m'buku sicinathe. Kuyambira 1998 lamulo lifuna kuti shuga ya pa nyumba ikhale ndi vitamini A. Colinga cake ndi thanzi la ana, koma lamulolo limachinganso shuga ya maiko amene saikamo vitaminiyo, ndipo aliyense wopanga mabisiketi kapena zakumwa amaona mtengo wa shuga kumbali ya zipangizo. Boma likaletsa kugulitsa cimanga kunja, mtengo wake umatsika m'dziko: wogaya ndi woweta nkhuku apeza zipangizo zochipa, mlimi wa ku Katete abwerera pansi pa ziro. Mu 2021 Zambia inavomereza pangano la msika wa Africa yense, ndipo misonkho ina idzatsikanso, ina pa katundu wotha, ina pa zipangizo, mosayendera pamodzi. Nduna ya zacuma ikamawerenga bajeti ndimakhala pafupi ndi wailesi ndi pensulo. Ikachula kuti msonkho wa cakuti wakwera, ndimafunsa kuti cimeneco ndi cotha kale kwa yani, ndipo ndi cipangizo kwa yani.

Mwana wa mlongo wanga amasoka mayunifomu ku Chipata, ali ndi makina atatu ndi atsikana awiri omuthandiza. Nsalu amakaigula ku Kamwala, pa basi ya usiku. Mwezi wa December ndinamucezera, ndipo ndinamupempha kuti tiwerenge pamodzi. Tinalemba nsalu, ulusi, zipi, mabatani, baji ya sukulu ndi thiransipoti, pa cikuto ca buku lake la maoda. Ndinayamba kumufotokozera za K20 ndi K70, ndi za mnyamata wa ku Petauke. Anamvetsera mwaulemu, akudula ulusi ndi mano. Nditafika pa Australia anandigwira pa mkono. "Amalume," anatero, "sukulu zitsegula pa Mande wa mlungu wa mawa, ndipo ndikali ndi madiresi 40. Gwirani uku." Ndinagwira nsonga ya nsalu, iye nayamba kudula.